Zenera Latseguka, Perpetua

Wokondedwa mng'ono wanga Perpetua,

Uli bwanji ku Mzuzuko? Nanga alamu anga a Sankhani? Kuno ku Chamama tadzuka, ena mwa ife motsokomola.

Khala pansi, ndili ndi chilengezo chachikulu: zenera la chipinda chomwe ndimaoneramo odwala latseguka. Linamatika ndi penti zaka zitatu zapitazo. Komiti ya chipatala yakumana kanayi, zakumwa zatha, kenako a Wyson akalipentala alitsegula ndi tchizulo asanamalize n'komwe kupereka moni.

Anzanga akuti mphepo ikulowa bwino. Ine kuntchitoko sindikupita.

Ukukumbukira chifuwa cha bambo? Ankati ndi fumbi chabe, aliyense wosankha fodya m'chigafa amatsokomola. Kuchipatala anakana kubwera mpaka atalandira kaye kuponi, ati mzere wa feteleza sudikira wodwala. Tsiku lomwe anabwera ndinawalandira nditavala masiki, monga ndimaphunzitsira anamwino anzanga Lachitatu lililonse.

Anaima pakhomo, chipewa kumanja. Anandifunsa ngati digiri ija anaigulitsira mabelo ndiyo inandiphunzitsa kuti bambo wake wa munthu amanunkha. Anati ngakhale pamaliro sitigwira mphuno.

Perpetua, masiki ija ndinaivula. Ndinagwada n'kugwada komwe. Tinakhala m'kachipinda kotseka kaja nthawi yaitali, iwo akutsokomola, ine ndikungoti pepani. Atabweranso kudzamva zotsatira, masiki ndinaibisa m'thumba ndekha, osauzidwa.

Chinali chifuwa chachikulu. Iwo amwa mankhwala, anenepa, akudzitama kuti chimanga chawo chaposa cha abusa. Ine andipeza nacho mwezi wathawu. Bambo akuti ndachitenga kwa odwala osadzisamala. Ndavomera. Usawauze.

Pempho langa ndi limodzi: bwera udzamutenge mwana wanga Dina, akakhale kwanuko mpaka makhololo anga atayera. Amuyeza, alibe. Kanyumba kathu ukukadziwa, mpweya wake ndi umodzi. Amakonda phala la mchere, osati la shuga, ndipo akamati “nsapato” amatanthauza masokosi.

Upereke moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni nonse, ndipo muzitsegula mazenera.

Masiku oyamba Dina ankandithamangira kuti ndimunyamule, ine n'kutseka chitseko. Dzulo atandiona anaima patali yekha, n'kudziphimba pakamwa ndi kadiresi kake. Zaka zinayi zokha, phunziro langa walimva kuposa mwini wakene. Sanalire n'komwe. Ndinalira ndine.

Ndine mkulu wako,
Fainala