Mphindi Zitatu za a Dikirani

Kwa mayi a m'nyumba ya malemu, ana awo, abale onse, ndiponso aliyense amene anawadziwa,

Ife a Bungwe la Owotcherera Zitsulo talandira modzidzimuka ndiponso ndi chisoni chachikulu uthenga wa imfa ya mnzathu ndi mkulu wathu, amene tonse tinkawatchula kuti a Dikirani, omwe atisiya Lachiwiri m'mawa atadwala masiku anayi okha. Lachisanu lapitali anali pashedi pawo akumaliza geti la munthu, magalasi akuda ali pamphumi, ndipo lero geti lija langotsamira khoma, mbali imodzi isanapentedwe.

Malemuwa agwira ntchito ya zitsulo kwa zaka makumi atatu ndi ziwiri, ndipo anali mmodzi mwa anthu asanu ndi awiri amene anayambitsa bungwe lino. Manja awo apanga mabedi a odwala, mafelemu a mawindo a m'masukulu ndi njinga za anthu olumala, ndipo pamene iwo awotcherera pankasalala ngati posoka telala. Amisiri oposa makumi anayi amene lero akudyetsa mabanja awo anaphunzira kugwira lodi yowotcherera kwa iwo. Zonsezi nzoona, koma tikalekera pomwepa tikhala tanamiza banjali ndi kudzinamizanso tokha.

Dzina lakuti a Dikirani sitinawapatse mwaulemu. Iwo anali ndi chibwibwi kuyambira ubwana wawo, ndipo mawu akawakanirira pakhosi ankakweza dzanja nkunena kuti, "Di-di-dikirani." Ife tinkaseka, dzina nkukhazikika. Tsono bungwe lathu lili ndi lamulo lakuti wobweretsa ganizo pamsonkhano wa pachaka alifotokoze ndi pakamwa pake m'mphindi zitatu, zikatha wapampando aimbe belu. Tinaliika pofuna kuletsa anzathu ena amene akaimirira amaiwala kuti mpando ulipo. Belulo ndakhala ndikuliimba ndine, kwa zaka zisanu ndi zinayi.

Mnzathu wina atataya diso chimbale cha galayinda yodulira zitsulo chitasweka, malemuwa anapanga chotchingira chakuti zidutswa zisamafike kumaso, ndipo cholinga chawo chinali chakuti bungwe lichivomereze kuti chiikidwe m'mashedi onse. Anaimirira nacho zaka zinayi zotsatizana. Chaka choyamba belu linawapeza atangomaliza malonje. Chaka chachiwiri anapempha kuti wina awawerengere pepala lawo, ine ndinayankha kuti, "Lamulo ndi lamulo, achimwene." Chaka chachitatu wina kumbuyo anakuwa kuti, "Ife tadikira kale, njala yatipweteka!" Holo yonse inafa ndi phwete, ndipo ndikuvomera pamaso pa onse kuti nanenso ndinaseka. Chaka chachinayi belu linawapeza atangofika pakati pa mawu awo.

Wina akanataya mtima nkusiya kubwera, koma iwo anasankha kulimbana ndi lilime lawo. Mayi atiuza kuti m'mawa uliwonse, asanakatsekule shedi, bamboo ankaima m'khitchini moyang'anana ndi wotchi yapakhoma, akugogoda tebulo ndi lodi kuti mawu azituluka limodzilimodzi. Mawu amene ankawapunthwitsa ankawachotsa nkufuna ena ofewa. Anayambanso kuyankha okha foni za makasitomala, chinthu chimene anachithawa moyo wawo wonse.

Pamsonkhano wa chaka chino anabwera atavala jekete, chotchingira chija chili m'thumba. Anandiimitsa pakhomo nkundiuza, osapunthwa ngakhale pamodzi, kuti, "Wapampando, chaka chino belu lanu silindipeza." Ine ndinali nditawaika kale kumapeto kwa mndandanda, poganiza kuti atichedwetsa. Tinatha ola lathunthu tikukangana za mtundu wa maovololo athu, mpaka mlonda wa holo anafika akuliza makiyi. Ndinatseka msonkhano ndi nthabwala yakuti, "A Dikirani, mudikireko chaka chamawa." Iwo anapinda pepala lawo, nanyamula thumba lija, nangoti, "Chabwino."

Dzulo anthu anayi a m'komiti tinapita kukapepesa kunyumba. Mayi anatilowetsa m'khitchini muja nati, "Bambo wapampando, takhalani pansi. Mawu amene munawakana aja ine ndawamva m'mawa uliwonse, ndipo ali m'mutu muno onse. Lero muwamva." Anaima pansi pa wotchi ija nawalankhula kuyambira malonje mpaka kumapeto. Anali mawu omveka bwino, ofotokoza kapangidwe ka chotchingira kuchokera ku zitsulo zotsala zimene timataya tsiku ndi tsiku, ndipo anatha motere: "Chikhadabo chimamera, koma diso silimeranso. Ndatha. Zikomo pondidikira."

Manyazi anga aakulu ndi akuti, mayi atamaliza, ndinadzipeza ndikuyang'ana wotchi yanga yapamkono monga mwa chizolowezi. Zinali mphindi ziwiri ndi masekondi makumi anayi. Mnzathu anali atapambana kale nkhondo yake, ndipo chimene chinatsala chinali chakuti ife tikhale chete pang'ono, koma tinalephera.

Komiti yagwirizana kuti chotchingira cha malemuwa chiikidwe m'shedi ya membala aliyense, ndiponso kuti lamulo la belu lithe. Tikudziwa kuti zimenezi zafika mochedwa, ndipo sitikuzitchula kuti tiyamikiridwe. Kwa inu mayi ndi ana, sitikupepesa imfa yokha, tikupepesanso kuseka kwathu, kumene bambo ankabwera nako kunyumba chaka ndi chaka osatidandaulira.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima, ndipo ndikupempha Mulungu kuti akulimbitseni m'masiku owawa ano, makamaka m'mawa, pamene m'khitchini muzikhala muli zii. Pamsonkhano ukubwerawo mnzathu adzakhala woyamba pamndandanda. Mayi, ngati mtima wanu ungalole, mudzabwere mudzawalankhulire. Patebulo sipadzakhala belu, ndipo tonse tidzadikira.

Mzimu wawo uuse mumtendere.

Ine wanu wachisoni,
Wapampando,
Bungwe la Owotcherera Zitsulo