Chingwecho Ndinadula Ndine

Tete, 14 Outubro 1984

Okondedwa achemwali a Georgina,

Landirani moni wanga, inu ndi onse a pakhomo ku Ntengo-Wambalame. Kodi mukudzuka bwanji masiku ano? Nanga mwendo wa amayi unaphwa? Ine kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Kalatayi ndapatsira a Bertina, mnansi wanga kuno, amene akukwera koluna, malole oyenda pamodzi moperekezedwa ndi asilikali, ya ku Zóbuè n'kudzera ku Malawi, choncho ikakupezani mochedwa musadabwe.

Ndikudziwa kuti mbiri yanga yafika kale kumeneko. Akuti Teodoro anataya galimoto ya patrau, bwana wake, m'tchire chifukwa cha mantha, ndiye anamuchotsa ntchito. Zoti anandichotsa n'zoona. Zoti chingwe ndinadula ndine n'zoonanso, sindikubisa. Koma zotsalazo ndikufuna muzimve kwa mwini wakene.

Mukudziwa kuti zaka zinayi izi ndakhala motorista wa a Alberto, amalonda aja a sitolo kuno, ndikuyendetsa galimoto yonyamula katundu, karinya yawo yaing'ono, ija ndinabwera nayo pa maliro a atate. Mwezi watha iwo anamva kuti ku Furancungo, m'chigafa cha fodya, muli galimoto imene Mpwitikizi wina anaisiya pothawa chaka cha ufulu. Anaigula asanaione n'komwe. Kenaka anandiuza kuti titsate koluna ndi karinya tikaitenge, ndipo anatenganso a Lourenço, wantchito wa m'sitolo, bambo wa ana asanu, amene chiwongolero anachiphunzirira pa thirakitala.

Achemwali, mukanaiona galimotoyo mukanaseka. Ndi yofiira, ya mipando iwiri yokha, yopanda denga, ndipo mimba yake ili pafupi ndi dothi moti nkhuku singadutse pansi pake. Anaipangira kuthamanga pa msewu wa phula kuti anthu azicheuka. Simunganyamulemo ngakhale thumba limodzi la mbatata. Inali itaima zaka zisanu ndi zinayi, makoswe atadya mipando, injini itauma gwa. Nditaponda mabuleki phazi linangolowa mpaka pansi ngati ndaponda phala.

Nditaizungulira kawiri ndinawauza a Alberto mwaulemu kuti karinya yathu singakoke chinthu chimenechi mpaka ku Tete. Kuisuntha pabwalo ingathe, pakuti ngakhale ng'ombe ziwiri zingathe. Koma pokoka galimoto, ntchito yaikulu ndi kuimitsa. Mabuleki a karinya anawapangira karinyayo ndi katundu wake basi, pamene yofiirayo, ngakhale imaoneka yochepa, imalemera pafupifupi ngati karinya yomwe. Pa chitsetse yam'mbuyo yopanda mabuleki imasiya kukokedwa, imayamba kukankha yakutsogolo. Ndinapempha kuti tidikire lole yopanda katundu tiikweze pamwamba, kapena tisake chitsulo cholimba chokokera m'malo mwa chingwe.

Ndinawakumbutsanso za msewu. M'koluna aliyense amaponda momwe waponda mnzake wakutsogolo, chifukwa ukapatuka pang'ono ukhoza kuponda mina, mabomba amene ankhondo a m'tchire anakwirira. Galimoto ya pa chingwe siitsata mapazi a inzake, imapita uku ndi uku ngati mbuzi yokana kumsika. Komanso asilikali sakonda kuima. Yako ikafa, amakuuza kuti ukwere ina, yakoyo uisiye.

A Alberto anandiseka pamaso pa anthu. Anati ine ndinabadwira m'munda wa mbatata, za magalimoto a azungu ndingazidziwe bwanji. Anati pa lole galimoto yawo ingakandike utoto. Utoto, achemwali! Kenaka anatsitsa mawu n'kunena kuti ngati sindifuna, tikafika ku Tete ndikabweze kartau, chiphaso changa cha ntchito. Mukukumbukira zimene zinawagwera anthu opanda kartau chaka chatha, momwe boma linawasonkhanitsira kupita nawo ku Niassa kukalima mokakamizidwa. Ndinachita mantha, ndinavomera. Pamenepa ndiye pamene ndimadzikwiyira ndekha mpaka lero.

M'mawa wa tsiku lonyamuka kunabwera namwino wa pa Furancungo, akupempha malo a mayi wina dzina lake a Leonor, mkazi wa mphunzitsi. Anali atavutika masiku awiri, mwana atagona mopingasa, ndipo namwinoyo anati popanda opaleshoni ya ku Tete tiika maliro awiri. Malole onse anali odzaza chimanga mpaka pamwamba, ndipo munthu wotero simungamukweze pa matumba. Kumbuyo kwa karinya yathu kunali mbee, kopanda kanthu.

A Alberto anakana. Anati karinya ilemera, ilephera kukoka. Apa ndiye ulemu unandithera. Ndinazula kiyi n'kuiika pa boneti, ndipo ndinati, "Patrau, dzulo munati karinyayi ingakoke galimoto yathunthu. Lero yalephera mayi mmodzi?" Anthu anali ataunjikana, tenente, mkulu wa asilikali a koluna, ali pomwepo akumva. A Alberto anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti akwere koma asadzadandaule. Tinayala matiresi kumbuyo, mayiyo anagona, amuna awo atawagwira mutu. Ndinkadziwa kuti ndikuwaika pa ngozi, koma kuwasiya kunali kuwapha.

A Lourenço anakhala pa chiwongolero cha yofiira. Ndinawaonetsa buleki ya pamanja, imene inkagwira pang'ono, ndipo ndinawauza kuti chingwe chikangolefuka aikoke ndi mphamvu zonse. Anaseka n'kunena kuti ana awo sakhulupirira kuti bambo wawo anakwerapo galimoto ya mzungu.

Poyamba tinayenda, ngakhale movutika. Msewu uja malole anaukumba mbali zonse ziwiri n'kusiya msana pakati, ndiye mimba ya yofiira inkakhula pa msanapo, miyala ikuthetheka. Paipi ya utsi inathothoka tisanapite patali. Fumbi lathu lonse linkathera m'maso mwa a Lourenço. Malole akutsogolo anayamba kutisiya, ndipo lole ya asilikali yotsekera kumbuyo inkangoliza hutala. A Alberto, ali pambali panga, ankangoti ndithamange.

Titapitirira Chidzolomondo tinafika pa chitsetse chachitali chokhota. Ndinaika giya yoyamba n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono. Ndinamva chingwe chikulefuka. Pa galasi ndinaona yofiira ikubwera, a Lourenço atasiya chiwongolero, akukoka buleki ndi manja onse awiri. Inatigunda koyamba, mayi uja anakuwa. Ndinaponda mabuleki mpaka anayamba kununkha, koma karinya inkangotsetsereka. Inatigundanso kachiwiri, kumbuyo kwa karinya kunapotokera kumbali. Pamenepo chingwe chinalowa pansi pa tayala lakutsogolo la yofiira, iyo inakhota n'kukamenya mwala waukulu wa m'mphepete. Chingwe chinakungika mwadzidzidzi, ife tinaima chopingasa msewu.

Nditasuzumira ndinaona kuti matayala athu onse akumbuyo ali kunja kwa mapazi a koluna, pa dothi limene sipanapondedwe. Asilikali analumpha m'lole yawo n'kugona m'mphepete, mifuti italoza m'tchire. Kunali zii, kupatula kubuula kwa anthu awiri, mayi uja ndi a Lourenço. Chitsulo cha pansi pa chiwongolero chinali chitawapana mwendo, utathyoka m'munsi mwa bondo.

Tsopano mverani zimene anachita patrau wanga. Anatsika, anadutsa a Lourenço ali chibuulire, n'kukagwada kutsogolo kwa galimoto kuona nyali imene inasweka. Anaisisita ndi dzanja. Atadzuka anandiuza kuti ndiwongole chingwe tipitirire, ndipo popeza a Lourenço sangathenso, mphunzitsiyo atsike agwire chiwongolero. Munthu woti sanayendetsepo ngakhale njinga yamoto, mkazi wake akutha magazi pa matiresi! Tenente anakuwa kuti sakhalitsa pamalo pamenepo, tisankhe msanga.

Ndinatenga chikwanje chimene chimakhala kuseri kwa mpando, n'kupita pa chingwe. A Alberto anandigwira malaya, akuti, "Ukadula chimenecho, wadula ntchito yako." Ndinati, "Ndamva, patrau." Ndinatema kawiri, chinaduka.

Ine, mphunzitsi ndi asilikali awiri tinapinda chitsulo chija n'kuwatulutsa a Lourenço, tinawagoneka pambali pa mayi uja. Asilikali anakankhira yofiira m'chigwembe kuti lole yawo idutse. Ndinabweza karinya m'mapazi a koluna mosamala, ndipo Mulungu anatichitira chifundo, pansi panalibe kanthu. Njira yonse yotsala a Alberto anali kunditukwana, akutchula ndi amayi omwe. Sindinawayang'ane. Tinalowa mu Tete dzuwa litapendeka, ndipo ndinayamba kuchipatala, osati kusitolo monga iwo ankalamulira.

A Leonor anawachita opaleshoni tsiku lomwelo. Mwana ndi wamkazi, ali moyo. Mayiyo akadali ofooka koma ayamba kukhala tsonga. A Lourenço ali m'chikhakha mpaka m'ntchafu, ndipo adokotala akuti adzayenda koma motsimphina moyo wawo wonse. Masabata atatu apita, a Alberto sanapondeko kuchipatala ngakhale kamodzi. M'malo mwake anakauza akazi a Lourenço kuti amuna awo ndinawapweteka ndine poyendetsa mosasamala. Akazi awowo anandipeza pakhomo la chipatala n'kundilalatira anthu akuonerera. Komatu mbali ina sankanama: ndikanakana ku Furancungo, mwendo uja ukanakhala wabwinobwino. Anadzapepesa pambuyo pake amuna awo atawafotokozera.

Kartau ndinabweza tsiku lomwe tinafika ku Tete. Muwauze amayi asade nkhawa za ku Niassa, pakuti mwini garaja ina pafupi ndi msika anandilemba, ndipo pepala latsopano ndili nalo. Ntchito yake ndi yomata matayala ndi kutsuka zitsulo, manja akhala bii, sopo sakupezeka m'tauni yonse. Kutentha kwa kuno mwezi uno ndiye kosaneneka. Koma ndikudya, ndikugona.

Tsopano pempho langa, limene landichititsa kulemba mofulumira. A Alberto sanataye mtima ndi galimoto ija. Oyenda ndi koluna akuti ikadali m'chigwembe, matayala awiri atachotsedwa kale, koma iwo akuti agula ena akaitenge. Madalaivala onse a kuno akana, chifukwa nkhani anaimva. Ndiye ndamva kwa wantchito wina wa m'sitolo kuti atumiza uthenga kwa alamu a Tomé, amuna anu, powadziwa kuti amatha kuyendetsa ndipo akungokhala chiwotchedwere lole ya koperativa. Awalonjeza malo anga ngati angakakoke galimotoyo ndi karinya yomwe ija, imene mabuleki ake anapsa ndipo sanakonzedwe.

Chimenechi ndiye chandiwawa kuposa matukwano onse. Munthu wathyola mwendo wa wantchito wake, wandinamizira m'tauni yonse, ndiye akulowanso m'banja mwathu kudzasakamo wina woti akamuphe! Waona kuti ndife anthu a njala, ukatiponyera ntchito tithamangira osafunsa.

Achemwali, musawalole alamu. Ndikudziwa kuti pakhomo zinthu zavuta, ndikudziwanso kuti mwamuna kukhala wopanda ntchito kumamudya mumtima. Mwina anena kuti ndikuchita nsanje poti malowo anali anga. Anene, sindidandaula. Muwauze kuti karinya yaing'ono siikoka galimoto yopanda mabuleki pa chitsetse, ayendetse ndani kaya ndani, ndipo ulendo uno pamafunikanso kuima nthawi yaitali m'tchire kuti aitulutse m'chigwembe. Asilikali sadzawadikira. Akaumirira kubwera, ayambe afika kwa ine ndiwaperekeze kuchipatala akacheze ndi a Lourenço, kenaka asankhe okha. Ine ndikuyankhula ndi mwini garaja, mwina mvula ikayamba pangapezeke malo a munthu wina.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti mawu oipa amene ananenedwa pa dzina lawo sindinabweze, monga anatiphunzitsira. Moni kwa atsibweni ndi akazi awo, kwa azakhali, ndi kwa ana anu onse. Mukamva kuti nkhondo yafika kufupi, musadikire kukolola, wolokani malire ndi amayi. A Bertina abwerera kuno pakatha masabata awiri, muwapatsire yankho ngakhale la mizere iwiri.

Alamu a Tomé ndawapatsanso moni, ndipo ndi wochokera pansi pa mtima. Koma kalatayi musawapatse m'manja kuti akawerenge okha kuseri kwa nyumba. Muwawerengere inuyo mokweza, amayi atakhala pomwepo.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Teodoro Gaspar