Zikho za Mgonero ku Highfields

Highfields, Leicester
14 Okutobala 2024

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira mwendo uja wapepukako. Ine ndili bwino, ntchito yosamalira okalamba ndikugwirabe, kungoti kuzizira kwayamba kale kutiluma.

Chiyanjano chathu cha Amalawi, chimene chinatsekedwa miyezi isanu ndi itatu yapitayo, chikutsegulidwanso Lamulungu likudzali. A Absalom, mkulu wathu wa mpingo, anatisonkhanitsa dzulo. Anatikumbutsa za Alevi akale, kuti nyumba ya Mulungu itasiyidwa, ndiwo anaitanidwa kusesa, kutsuka ziwiya ndi kuyambitsanso nyimbo, koma anayamba adziyeretsa okha. Kenako anandipatsa makiyi a holo yomwe timapempheramo, nati: "Tionge, iwe ndi mwana wa mkulu wa mpingo. Zikho za mgonero utsuke ndiwe."

Ndinalandira ndi manja awiri monga munandiphunzitsira. Bambo, manja angawa si oyera.

Mukumudziwa Anganile, mwana wa Mayi Nasimango a ku mvano. Mapepala ake okhalira kuno anatha, ndiye ankagwira ntchito komwe ndimagwira ine pa dzina la munthu wina. Anandiuza ine ndekha, kuti ndizimupempherera. Ine, ndi changu changa chopusa, ndinajambula pemphero pafoni, kutchula dzina lake ndi vuto lake lonse, kuti nditumize kwa amayi atatu amene ndimapemphera nawo. Mwangozi ndinatumiza ku gulu la kuntchito. Ndinafufuta msanga, koma wina womva Chinyanja anali atamvetsera kale. Sabata isanathe a boma oona za olowa ndi otuluka anadzamutenga.

Anthu analoza chala a Darlington, anzathu a m'chiyanjano, poti anali atakangana ndi Anganile. Kutchalitchi anthu anasiya kuwapatsa moni, ena anayamba kuopana, mpaka holo inatsala mipando yokhayokha. Ine ndinangoti chete, nkumagwedeza mutu pamodzi ndi anzanga. Dzulo a Darlington anabwera, nakhala kumbuyo kwenikweni. Potuluka anandiuza kuti, "Sisi, mukamatsuka mundiitane, ndidzakuthandizani kunyamula tebulo." Ndinalephera kuwayang'ana kumaso.

Ndikuchita mantha. Ndikaulula, mwina palibe amene adzandilankhulenso mumzinda muno, ndipo kunja kuno munthu wopanda anzake ndi maliro oyenda. Komabe Loweruka ndikupita kwa a Darlington, ndipo Lamulungu ndiimirira pamaso pa onse mgonero usanayambe. Mundipempherere kuti ndisabwerere m'mbuyo.

Mupereke moni kwa Amayi, kwa Yamiko ndi ana onse. Anganile amukweza ndege Lachisanu, akubwera kumudzi ndi chikwama chimodzi. Mayi ake musawapatse moni wanga, sindikuyenera. Koma akadzakufunsani pakhomo la tchalitchi kuti anamupereka mwana wawo ndani, musawabisire, Bambo. Muwauze kuti ndi wanu.

Ndine mwana wanu,
Tionge