Ndabweza mimba ngati diresi, koma mphumu yakula

Aphungu,

Ndine telala, mayi wa ana akuluakulu. Sukulu ndinalekera ku pulayimale, choncho mundikhululukire ngati funso langa ndi lachibwana. Mutu wanga waima.

Mphumu ndili nayo kuyambira ndili mtsikana, koma inkabwera mwa apo ndi apo. Chiyambireni kukhala pa makina tsiku lonse ndanenepa, mphumu nayo yanenepa. Chipinda chomwe ndimasokeramo chili pamwamba pa sitolo ya nsapato. Masiku ano ndikafika pakati pa masitepe ndimaima, n'kumanamizira kufuna kanthu m'chikwama, chifuwa chikulira ngati mwana wa mphaka. Mwana wanga wamkazi akuti ndisiye ntchito ndizikhala pakhomo. Makina amene anamulera iyeyo ndiwasiye bwanji?

Kuchipatala adokotala anandiimika pa sikelo, nati mafuta a m'thupi akuwonjezera kutupa kwa njira za mpweya. Ndinangogwedeza mutu koma sindinamvetse. Mafuta ali pamimba, mphumu ili m'chifuwa, zimakumana pati? Kufunsa ndinachita manyazi poti panja panali mzere wautali.

Ndiye ndinaganiza mwa utelala. Diresi likakula timalibweza. Ndinadzisokera lamba wa nsalu yolimba, wa lasitiki ndi zingwe kumbuyo, womanga m'mawa n'kumasula pogona. Tepi ikuti chiuno chachepa, ndipo ndimayeza pamalo amodzimodzi. Koma kupuma ndiye kwafika poipa, ndipo ndikadya, chilungulira chimandiwotcha mpaka kukhosi.

Pamwamba pa izo, mlamu wanga anati, "Inu alamu, chikukunenepetsani n'chopopera chanucho. Simunawaone aneba aja, nkhope kufufuma ngati buledi?" Choncho kabotolo kopopera m'mawa ndi madzulo ndinakasiya. Ndatsala ndi kaja kopopera ndikabanika, komwe tsopano kakutha ngati madzi. Bambo a kunyumba nawo akuti ndisaonde, anthu angamati sandisamala.

Ndiuzeni, Aphungu, ndimange kwambiri lambayu, kapena ndalakwitsa muyeso?

E.T.M., wa pamwamba pa sitolo

Mayi,

Musanapitirize kuwerenga, masulani lambayo. Muyeso simunalakwitse ayi, koma thupi si diresi. Mafutawo simunawachotse, mwangopanikiza mimba n'kuwamana mapapo malo otambasukira. Chilungulira nachonso chikukankhidwa ndi lamba yemweyo, ndipo chimaputa chifuwa.

Funso lanu si lachibwana. Mafuta sangokhala phee ngati thonje la mu pilo. Akachuluka amatulutsa tinthu toyenda m'magazi, tomwe timatha kuputa kutupa mpaka m'timachubu ta mpweya. Ganizani mkono wa jekete womwe mwauikira nsalu yokhuthala mkati. Kunja ukuoneka chimodzimodzi, koma dzanja likulowa movutikira. Ndi mmene mpweya wanu ukuvutikira.

Alamu anu amakukondani, koma asakaniza zinthu. Alipodi mapiritsi ena a mphumu amene amafufumitsa nkhope munthu akawamwa nthawi yaitali. Mankhwala opopera amalowa ochepa kwambiri, ndipo amalunjika m'chifuwa. Kabotolo mwasiyako ndi kamene kamaziziritsa kutupa, pomwe kaja kopopera mukabanika kamangotsegula njira kwa kanthawi. Bwererani kuchipatala sabata ino, mukanene zonse, za lamba zomwe. Mzere ukhale wautali, inu musatuluke musanamvetse. Bambo a kunyumba muwatenge akadzimvere okha kuti kusamala mkazi ndi kumufunira mpweya.

Palibe akuti muonde ngati singano. Kutsika pang'ono chabe, pang'onopang'ono, kumapeputsa chifuwa cha anthu ambiri. Musadzimane chakudya. Chepetsani shuga m'tiyi ndi zokazinga zomwe mumatolera pambali pa makina, wonjezerani masamba. Mukamaliza chovala chimodzi dzukani muyendeyende, ndipo chifuwa chikakhazikika muziyenda ndawala madzulo. Tsegulaninso zenera, fumbi la nsalu si bwenzi lanu.

Chenjezo langa nali: tsiku lomwe mudzalephere kumaliza chiganizo chifukwa chobanika, kapena kopopera kakapanda kuthandiza, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.

Mwana wanu muuzeni adekhe, nthawi yophimba makina sinakwane. Lambayo msomoleni, lasitiki wakeyo mukaike m'siketi ya kasitomala.

Aphungu