Mnzanga Wokweza Naye Matumba

Lolemba, 9 Juni
Kuchigayo mpunga wadzaza, malole a ku Lilongwe ali pamzere. A Zebedee, eni chigayo, amasankha aganyu pageti m'mawa uliwonse, awiriawiri, wokweza thumba ndi wosenza. Ine nthawi zonse ndi mlamu wanga Ipyana, mchimwene wa mkazi wanga Keziya. Lero chala chawo chatidumpha. Chifukwa sananene. Kunyumba mwana wathu Lughano akutsokomolabe.

Lachitatu, 11 Juni
Atidumphanso. Kapitawo wandikokera kuseri kwa mulu wa mankhusu. Akuti Ipyana amagona ndi amuna anzake, wina anamuona ku Chilumba. Ndinati kodi thumba limafunsa zimenezo? Anaseka. "Inu awiri mumagwirana manja pansi pa thumba tsiku lonse. Anthu ayamba kukuwerengera limodzi, ada." Pokweza timagwiranadi manja, nanga ligwiridwe bwanji?

Loweruka, 14 Juni
Ndapita kwa a Zebedee, chipewa m'manja. Sanakalipe ayi. "Chigayo n'changa, mphwanga. Sindinachotse munthu, sindinamuloze basi. Alipo angandiuze woloza?" Akuti amayi ena ogula mpunga anena kuti akagayitsa kwina akamuonanso Ipyana pachigayo. Ine ndibwere ndi mnzanga wina, malo alipo.
Kukadandaula ku ofesi ya zantchito? Waganyu alibe pepala. Ndipo ndikatchula chifukwa chake, ndiye kuti mlamu ndam'pereka ndekha kupolisi.

Lamulungu, 15 Juni
Ndafunsa Keziya. Sanadzutse n'komwe mutu pa zochapa. "Ndimadziwa kuyambira kale. Ndiye?" Ndiye chiyani, ine ndidziwe bwanji. Kutchalitchi amati ndi tchimo. Zinthu zimenezi sindizimvetsa. Chimene ndikudziwa, phewa langa lamanzere linaguluka pa njinga kalekale, ndipo Ipyana sanandiikepo thumba kumanzere, ngakhale atatopa chotani. Lughano atakomoka ndi malungo, anathamanga naye kuchipatala ndi iyeyu.

Lachitatu, 18 Juni
Tayesa chigayo cha kufupi ndi depoti. Mbiri inatitsogolera. Mlonda anatiyankhira pawaya, geti osatsegula. Tinabwerera. Pamlatho Ipyana anangoti, "Alamu, mawa mupite nokha." Ndinakana. Koma ndinakana motsitsa mawu, iyenso anamva.
Ufa watsala pansi pa ndowa. Eni nyumba adutsa, moni wawo wafupika. Mpunga ukatha mu Ogasiti, ganyu palibe mpaka mvula.

Lachisanu, 20 Juni
Tinaima pageti pa a Zebedee tonse awiri. Dzuwa. Anzathu kuyang'ana kumbali. Palibe.
Mankhwala a chifuwa sindinagule.

Lolemba, 30 Juni
Ipyana anachoka sabata yatha. Anatsanzika mlongo wake yekha, ine ndili kokatunga madzi. Akuti ku boda ya Songwe, kukasenza katundu wa amalonda, kumene samudziwa. Foni yake siikugwira. Wandisiyira kansalu kake koyala paphewa.
Lero a Zebedee andiloza, ndi Reginald wa ku Vinthukutu. Anati, "Waona, nkhani yatha bwinobwino." Ndinati yewo, bwana. Ndinatero ndithu.
Reginald ndi wamphamvu koma amaponyera thumba kumanzere. Tsiku lonse kumanzere. Sindinamuuze. Ndikanayamba bwanji, kuti mnzanga wakale ankatere?
Ndagula ufa ndi mankhwala. Keziya walandira, sanafunse kuti ndakweza ndi ndani. Lughano waona kansalu kaja paphewa panga, wathamangira pakhomo kukayang'ana kumsewu. Akadali pomwepo. Phewa likuwawa, ndikukanika kulemba, mawa mwina