Manja a Mng'ono Wanga M'kabokosi

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mwana wathu. Kodi bondo lija lasiya kukuvutani? Kuno tilipo, kungoti mayi a kunyumba anagwidwa ndi chifuwa, koma ayamba kupezako bwino.

Masiku ano ndikumakumbukira tsiku limene mng'ono wanga anakubweretsani koyamba kwathu. Munakhala pakhonde, manja pamaondo, mukuyankha mafunso a amayi motsitsa mawu. Iye, chifukwa cha mantha, anayamba kugogoda thireyi ndi supuni, ine n'kumamuyankha patebulo. Amayi anakuuzani kuti muganize bwino, poti mukukwatiwa ndi phokoso. Munaseka mpaka kubisa nkhope.

Zaka zambiri tinaimba ng'oma awiri, iye kufunsa, ine kuyankha. Nditasamukira kuno anasowa womuyankha, ndiye anagula kabokosi kaja koponda ndi phazi. Ukaponda kamajambula zimene ukuimba, ukapondanso kamazibwereza osaleka, iwe n'kumaimba pamwamba pake. Ankandinyogodola pafoni kuti wapeza mkulu wina, wosachedwa komanso wosadandaula msana.

Titamuika m'manda munandipatsa kabokosiko kuti ndisunge. Munati muli kanyimbo kake komaliza, ndipo mtima wanu sunali wokonzeka kukamva. Ndinalonjeza kuti kadzabwerera m'manja mwanu monga kanalili.

Alamu, lonjezo limenelo ndaphwanya.

Kanyimboko n'kakafupi, kongokwanira kupuma katatu. Muli ng'oma yake yaing'ono ija, mphete yaukwati ikugunda m'mphepete. Kenaka amasiya mpata, amaseka pang'ono chamumphuno, n'kuyambiranso. Mpata umenewo ndi pamene ine ndinkalowa kuyambira tili anyamata.

Miyezi iwiri ndinkangomvetsera m'kachipinda kosungira katundu, nditakhala pa chitini cha penti. Lamlungu lina masana ndinalephera kupirira. Ndinatenga ng'oma yanga n'kumuyankha. Zikanathera pomwepo sipakanakhala mlandu. Koma ndinalakalaka kutimva tonse awiri, ine nditapinda manja. Ndiye ndinaponda kuti kandijambule pamwamba pake.

Zinakoma, alamu, sindinama. Mawa lake ndinawonjezera botolo, mkuja makiyi ndi kuwomba m'manja. Ndikaweruka kuntchito ndinkathamangira kumeneko ngati kuli mlendo. Ndinkaganiza kuti kabokosiko kamasunga chilichonse pachokha ngati masamba a buku, kuti tsiku lina ndidzangochotsa zangazo. Chonsecho kamathira zonse pamodzi ngati madzi m'madzi. Kamalola kubweza chomaliza chokha, pamene ine ndinali nditaponda kasanu ndi kawiri.

Ndinapita nako kwa munthu wa situdiyo. Anamvetsera nthawi yaitali, n'kuvula zomvera m'makutu, n'kundifunsa chifukwa chake sindinabwere ndisanaponde, poti kukopera pakompyuta ndi ntchito ya mphindi imodzi. Anati kulekanitsa sikutheka. Ng'oma zathu zinakungidwa ndi munthu mmodzi, ndipo zimalira mofanana.

Mphete ija imamvekabe patalipatali. Kuseka kuja ndiye ndinakukwirira ndi dzanja langa, chifukwa ndi pomwepo pamene ndinkalowa.

Tsono mwana wathu atandiimbira kuti ndi woyembekezera, ndi kuti akufuna khandalo lidzamve manja a agogo ake, ndinamunamiza. Poyamba ndinati chingwe chasowa. Kenaka ndinati kutumiza pabasi n'koopsa. Anandiseka kuti bambo aakulu mwayamba kuumira ngati malemu m'bale wanu. Nditadula foni ndinakhala pansi osadziwa poika nkhope.

Mayi a kunyumba ndi amene andikakamiza kulemba. Akuti bodza likakhalitsa limabala ana, ndipo langali lili kale ndi awiri.

Sindikupempha kuti munene kuti palibe kanthu. Kanthu kalipo. Chinali chanu ndi mwana, ndipo ine ndinachidya ndekha chifukwa cha kupukwa, ngati kuti wofedwa ndinali ine ndekha. Pempho langa ndi limodzi: musamuuze. Ndikufuna amve kuchokera pakamwa panga, akundiyang'ana.

Dzulo ndinamuimbira foni ndipo tagwirizana zokumana. Kuntchito andipatsa masiku atatu. Ndifika Loweruka likudzali ndi basi ya masana, iye ndi mwamuna wake adzandipeza kwanu. Ng'oma yanga ndisiya kuno. Ndibwera ndi kabokosi kokha, tidzakatsegule tonse pabalaza. Inu munkawadziwa manja ake kuposa ine. Mukadzamumva penapake m'phokoso langalo, mudzakweze chala, mwana adziwe kuti bambo ake ndi amenewo.

Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mphamvu. Mundiperekere moni kwa achemwali anu ndi kwa apongozi athu atsopano. Mayi a kunyumba akuti musadzavutike n'kuphika zambiri.

Ndine mlamu wanu,
Bambo aakulu a mwana