Mpango Wakuda wa Amayi

Vienna, Novembala

Achemwali anga a Domnica,

Landirani moni kuchokera kuno kumvula. Muli bwanji inu ndi alamu? Nanga chifuwa cha mwana wanu Ilie chija chinaleka? Ine m'thupi ndili bwino, koma chichokereni amayi kuno mtima wanga suli m'malo.

Chimene ndinawaitanira mukuchidziwa. Ndinkafuna auone mzindawu, aukonde, avomere kudzakhala nane nyengo yachisanu ino. Maondo awo aja sangathenso zowaza nkhuni ndi kuchotsa chipale chofewa pakhomo. Kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito anandipatsa tsiku limodzi lokha lopuma, ndiye ine ndinati Vienna yense alowe m'tsiku limenelo. Mvula nayo inasankha tsiku lomwelo.

Tinayambira kunyumba yachifumu. Tili pamzere mphepo inatembenuza ambulera, nsapato zawo n'kumwa madzi. M'katimo ine ndili kalikiliki kuloza golide wa kudenga, iwo ankangofunsa kuti mawindo onsewa amatsuka ndani, ndipo kodi wotsukayo amamulola kukhalako pamipando imeneyi akatopa.

Masana tinakausa mvula m'tchalitchi china, tinapeza akuimba limba lalikulu lija la mipope. Anamvetsera ndithu, kenako anandinong'oneza kuti chinthuchi chikulira ngati ng'ombe ya aneba athu a Petre akailanda mwana, kwathu Mulungu timamuimbira ndi pakamwa. Koma anaseka, achemwali. Pamenepo ndi pomwe ndikanawatengera kunyumba kukamwa tiyi.

Ine ndi liuma langa ndinati madzulo tikamvere oimba kunyumba yaikulu ya nyimbo. Matikiti okhala pansi sindikanawatha, ndinagula oimirira. Kumeneko ukapeza malo umamangirira mpango pachitsulo chotsamira n'kutuluka, ndipo palibe angakulande. Wanga ndinali nditauiwala m'tramu, kasitima koyenda m'misewu ya kuno. Anthu akukankhana kumbuyo, ine ndinangotembenuka n'kuti amayi, tandibwerekani wanuwo.

Unali wakuda uja. Chimwalirireni bambo sanauvulepo pagulu, ngakhale kwa dokotala. Anandiyang'ana pang'ono, anamasula, anandipatsa. Ndinaumanga pachitsulo mfundo ziwiri ngati ndikumanga thumba la mbatata. Tsitsi lawo lathothoka, achemwali, latsala lochepa, loyera mbuu. Sindinkadziwa. Nthawi yonse imene tinkadikira pakhonde, pakati pa azimayi a ndolo ndi mafuta onunkhira, dzanja lawo linali pamutu.

Titabwerera pamalo pathu ndinaumasula n'kuwabwezera. Sanauvale. Anaupinda n'kuima nawo m'manja mpaka nyimbo zinatha. Anthu ankati oimba anaimba bwino kwambiri tsikulo. Ine sindinamve kalikonse, manyazi anali atanditseka makutu.

M'tramu ndinayesa kupepesa. Anandidula kuti Viorica, usavutike, mutu suchita dzimbiri, ndipo zam'tauni ndi zam'tauni. Madzi akatayika saoleka. Za kudzakhala kuno sindinazitchulenso, ndipo Loweruka anakwera basi yobwerera kwathu atavala mpango wina, wabulauni.

Nditabwerako kowaperekeza ndinapeza wakudawo uli pampando wa kukhitchini, umene ankakhalapo, ataumangirira pachotsamira. Mfundo ziwiri.

Ndiye pempho langa ndi limodzi. Muwafunse, koma osati mowadzidzimutsa, mwina mukamasenda nawo mbatata, ngati mpangowu ukuwasungira malo kuno kapena anausiya chifukwa ndinaunyozetsa. Ine ndikawaimbira foni amangondiuza za nkhuku ndi za chisanu, ndipo pakamwa panga pamalemera. Inu samakubisirani. Ngati anaukana, mundiuze mosazungulira. Ndiuchapa n'kuutumiza ndi a Toader a basi aja, ndipo alamu awawazire nkhuni zokwanira mpaka chipale chitasungunuka.

Mpaka mudzandiyankhe sindiumasula. Mpando m'khitchini muno ndi umodzi wokha, ndiye masiku ano ndikudya choimirira.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Gavrila, kwa azakhali a Floare, ndi kwa Ilie, amene ndamugulira chokoleti chimene anandituma. Amayi musawapatse moni wanga musanawafunse.

Ndine mng'ono wanu,
Viorica